Nduna yayankha, kapena yangoyankhapo?

Makalata amene ndalandira ulendo uno achokera ku Chikwawa ndi ku Nsanje, ndipo onse akukhudza mawu amene timagwiritsa ntchito pofotokoza zimene zimachitika aphungu akamafunsa nduna za boma m'Nyumba ya Malamulo. Nkhaniyi ili ndi vuto lakelake. Gawo 56 la malamulo aakulu a dziko lino limati zokambirana za m'nyumbayo zizichitika m'Chingerezi, ngakhale limasiya mpata woti aphungu avomereze ziyankhulo zina, ndipo gawo 51 limafuna kuti munthu wofuna uphungu azitha kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi. Motero mlimi wa thonje wa ku Ngabu samva yekha zimene phungu wake wafunsa ku Lilongwe. Amazimva kudzera mwa mtolankhani amene waziika m'Chichewa, ndipo mtolankhaniyo akaphonya kalembo kamodzi, mlimiyo angagone ali wokhutira ndi yankho limene silinaperekedwe n'komwe.

Mphunzitsi wa pasukulu ina ya pulayimale ku Bangula akufunsa kuti: "Pawailesi ena amati 'nduna yati', ena 'nduna ati', pamene ena amati 'anduna ati'. Ndiziwaphunzitsa chiti ana anga?"

Aphunzitsi, mawu akuti nduna ali m'gulu limodzi ndi nyumba, mbuzi ndi njira, amene sasintha maonekedwe pochulukitsa koma amasintha mgwirizano. Nduna ikakhala imodzi timati "nduna ya zaulimi yati", zikakhala zambiri timati "nduna zitatu zafika". Umu ndi mmene ana ayenera kulembera. Mawu akuti "anduna ati" ndi aulemu, ndipo ali bwino polankhula, makamaka mwiniwakeyo ali pomwepo. Cholakwika ndi chapakaticho, "nduna ati", chifukwa dzina lasiyidwa m'gulu lake koma mneni wathawira ku gulu lina. Wolankhulayo amaopa kuti kunena "yati" kwa munthu wamkulu n'chipongwe, koma timanena "mfumu yagamula" pamaso pa anthu onse popanda wodandaula.

Bambo wina wa ku Nchalo, amene akuti amakonda kumvetsera zokambirana za aphungu, walemba motere: "Ndinamva wina akuti aphungu azenga mlandu nduna. Kodi Nyumba ya Malamulo ndi khoti? Ngati ndi choncho, bwanji sitimva kuti nduna yachotsedwa?"

Bambo, kukayika kwanu n'koyenera, chifukwa mawuwo ndi osokeretsa. Kuzenga mlandu ndi ntchito ya bwalo lamilandu, kumene kumakhala wodandaula, woimbidwa mlandu ndi chigamulo. Zimene aphungu amachita ndi kufunsa, kufufuza, kuitanitsa ndi kudzudzula, ndipo mafunsowo akakula mphamvu tinganene kuti apanikiza nduna ndi mafunso.

Mawu akuti nduna enieniwo akutiunikira kale. Pabwalo la nyakwawa, nduna zimakhala pambali pa mfumu, zimasankhidwa ndi mfumuyo, ndipo anthu a m'mudzi ngakhale atadandaula chotani, wozichotsa ndi mfumu yomweyo. Malamulo athu anatsata njira yofanana ndi imeneyi. Mtsogoleri wa dziko ndiye amasankha nduna, ngakhale kuchokera kunja kwa Nyumba ya Malamulo, ndipo gawo 97 limanena kuti pa kayendetsedwe ka unduna wake, nduna iliyonse imayankha kwa mtsogoleriyo. Aphungu alibe mphamvu yoichotsa. Mphamvu imene ali nayo ili m'gawo 96, limene limalamula nduna kuti zizipezeka m'nyumbayo kudzayankha mafunso ndi kutenga mbali pa zokambirana za ndondomeko za boma, komanso m'gawo 60, limene limalola aphungu kufufuza nkhani ndi kuitanitsa munthu aliyense kuti adzapereke umboni. Ngakhale mtsogoleri wa dziko angathe kuitanidwa kudzayankha mafunso malinga ndi gawo 89, monga anachitira a Lazarus Chakwera mu Seputembala 2020. Choncho lembani kuti "aphungu apempha mtsogoleri wa dziko kuti achotse nduna" ngati ndi zimene zachitika, osati "aphungu achotsa nduna".

Funso limene landitengera nthawi lachokera kwa mayi wina wa ku Makhanga, tsidya la kum'mawa kwa Shire. Iwo akuti: "Chaka ndi chaka timamva kuti nduna yayankha za mlatho ndi msewu wa kwathu kuno, koma ife tikuwolokabe pabwato. Kodi kuyankha m'Chichewa kumatanthauza chiyani?"

Mayi, anthu a dera lanu ali ndi chifukwa chofunsira zimenezi, popeza madzi osefukira anadula njanji ndi msewu pakati pa Bangula ndi Chiromo m'chaka cha 1997, ndipo ana amene anabadwa chaka chimenecho tsopano ali ndi mabanja awo. Chichewa chili ndi mawu awiri amene atolankhani ambiri amawasakaniza. Kuyankha ndi kupereka chimene funso likufuna: wofunsa akati "liti?", woyankha atchule nthawi, akati "zingati?", atchule chiwerengero. Kuyankhapo ndi kungoikapo mawu pa nkhaniyo. Kanthu kakang'ono kakumapetoko, "-po", kamachepetsa ntchito ya mneni, monga mmene "ndadyapo" amasiyanirana ndi "ndadya", kapena "ndalimapo" ndi "ndalima". Nduna imene yafunsidwa kuti mlatho udzamangidwa liti, ndiye n'kunena kuti boma likudziwa za mavuto a anthu a m'deralo ndipo limawamvera chisoni, yayankhapo koma sinayankhe. Mtolankhani amene alemba kuti "nduna yayankha" pa nkhani yotereyi waipatsa ndunayo ulemu umene sinaugwirire ntchito. Ikakhala kuti yakamba zina zosagwirizana n'komwe ndi funsolo, mawu ake alipo kale: yazemba funso.

Komanso tcherani khutu ku nthawi ya mneni, chifukwa malonjezo ambiri amabisala mmenemo. Tiyerekeze kuti phungu wafunsa za msewu wochokera pa Thabwa kudzera m'mbali mwa mapiri kutsikira ku Muona. Nduna ikati "tamanga", ntchito yatha ndipo munthu angapite kukaiona. Ikati "tikumanga", ndiye kuti mathirakitala ayenera kukhala ali pamsewupo lero lomwe. Ikati "timanga", m'Chichewa chabwino ikulonjeza zapafupi, za masiku omwe ano. Koma ikati "tidzamanga", kachidutswa ka "-dza-" kakankhira ntchitoyo kutsogolo kopanda malire, mwina chaka chamawa, mwina mwana wa lero atamera imvi. Ndiye pali mawu aja otchuka, "ndalama zikapezeka", amene amamveka ngati lonjezo chifukwa "-ka-" amapatsa womvera chiyembekezo chakuti tsikulo lidzafika ndithu, pamene wolankhulayo sanadzimange ndi tsiku lililonse. Akanati "ngati ndalama zingapezeke", aliyense akanamva kukayikako poyera.

N'chifukwa chake funso lowonjezera lili lofunika kuposa funso loyamba. Funso loyamba phungu amalilemba n'kulipereka pasadakhale, limapita ku unduna, akuluakulu a kumeneko amakonza yankho, ndipo nduna imangoliwerenga papepala. Ikatha kuwerenga, Sipikala amapereka mpata woti phunguyo kapena anzake afunse zowonjezera, ndipo apa nduna ilibenso pepala loti ibisalepo. Phungu wodziwa ntchito yake sataya mpata umenewu ndi kuthokoza kwautali. Amafunsa kuti ntchitoyo iyamba mwezi uti, ndalama zake ndi zingati, ndiponso ngati zili mu bajeti ya chaka chino. Mawu onse olankhulidwa m'nyumbayo amalembedwa m'buku la zokambirana lotchedwa Hansard, ndipo pali komiti ya aphungu imene ntchito yake ndi kulondoloza malonjezo amene boma lapereka. Koma komitiyo ingalondoloze chiyani ngati lonjezolo linali "tidzaona"? Ndimaona kuti wailesi za m'madera, zimene zimamveka ku Nsanje ndi ku Chikwawa, zingathandize kwambiri zitamabwereza mneni weniweni amene nduna yagwiritsa ntchito, m'malo moufewetsa kapena kuulimbitsa.

Wophunzira wina wa kusekondale ku Chikwawa akufuna kudziwa kusiyana kwa ziganizo ziwiri izi: "ndalama zasokonekera" ndi "ndalama zasokonezedwa".

Mwana wanga, wafunsa chinthu chimene akuluakulu ambiri sachiganizira. Ziganizo zonse ziwiri sizitchula munthu, koma sizifanana. Tikati "zasokonezedwa", mneni ali ndi "-edw-", zimene zikusonyeza kuti pali wina amene wachita zimenezo, ndipo womvera ali ndi ufulu wofunsa kuti "ndi yani?" Chiganizocho chimalola kuwonjezera kuti "ndi akuluakulu a ku unduna". Tikati "zasokonekera", kapena "zawonongeka", mneni ali ndi "-ek-", amene amafotokoza mmene chinthu chilili ngati kuti chachitika chokha, ndipo malo a wochita atsekedwa. Mbale yasweka, chingwe chaduka, palibe woti afunsidwe.

Pali nthawi imene "-ek-" ali m'malo mwake. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana atagumula damu la Kapichira, dziko linataya mphamvu ya magetsi yokwana pafupifupi mamegawati 130, ndipo kunena kuti damu linawonongeka kunali kulondola, chifukwa madzi sangaitanidwe kukomiti. Koma ndalama za boma sizikokoloka ndi madzi. Zimene zinabedwa ku likulu la boma pa nkhani ya Cashgate m'chaka cha 2013 zinali ndi manja amene anazisainira, ndipo ena mwa eni manjawo anapezeka olakwa kukhoti. Mkulu wofufuza za kayendetsedwe ka chuma cha boma akatulutsa lipoti lake, limapita ku komiti ya aphungu yoona mmene ndalama za boma zagwiritsidwira ntchito, ndipo amene kawirikawiri amaitanidwa kukafotokoza ndi alembi aakulu a maunduna ndi mabwanamkubwa, popeza iwo ndiwo amasainira ndalamazo. Ntchito yaikulu ya komitiyo, tikaiona ndi diso la chiyankhulo, ndi kuchotsa chiganizo pa "zawonongeka", kuchifikitsa pa "zawonongedwa", mpaka chifike pa "wawononga ndi uje". Polemba chimangirizo chako, gwiritsa ntchito "-ek-" pamene palibedi wochita. Pamene wochita alipo koma sanadziwike, lemba "-edw-" kapena "-idw-".

Mlembi wa komiti yachitukuko ya m'dera lina la ku Nsanje wafunsa ngati ndondomeko ndi lamulo ndi chinthu chimodzi, popeza pamisonkhano anthu amatchula mawu awiriwa mosinthanitsa akamakamba za kusamukira kumtunda.

Ayi, ndi zosiyana, ndipo kusiyanako kukukhudza mmene aphungu angagwirire nduna. Ndondomeko ndi njira imene boma lasankha kutsata pa nkhani inayake. Imakonzedwa ku unduna, imavomerezedwa ndi nduna zonse pamodzi, ndipo boma lingaisinthe popanda kuvota kwa aphungu. Lamulo limayamba ngati bilu, limakambidwa ndi kuvomerezedwa m'Nyumba ya Malamulo, kenako mtsogoleri wa dziko amalisainira, ndipo wolinyozera angakaonekere kukhoti. Maganizo oti anthu a m'madambo a m'mbali mwa Shire ndi Ruo asamukire kumtunda anakambidwa kwambiri madzi atasefukira mu Januwale 2015, koma kukambako pakokha sikunali lamulo. Lamulo latsopano lokhudza ngozi zogwa mwadzidzidzi aphungu analivomereza m'chaka cha 2023, namondwe wa Freddy atangodutsa mu Malichi, ndipo linalowa m'malo mwa lakale la 1991.

Nanga aphungu amaigwira pati ndondomeko, popeza saivotera? Amaigwira pa ndalama. Ntchito iliyonse ya boma, kaya ndi ngalande yaikulu yothirira yochokera ku Kapichira, kaya ndi kugula thonje ndi nandolo, kaya ndi kumanga zotchinga madzi m'mbali mwa mtsinje wa Mwanza, imafuna chuma chimene aphungu amavomereza unduna ndi unduna pokambirana bajeti, ndipo kuyambira 2022 chaka cha boma chimayamba pa 1 Epulo. Pa nthawi imeneyo nduna imayenera kuimirira ndi kuteteza gawo lake. Pano ndichenjeze alembi onse: mawu akuti "ndondomeko ya zachuma" amene wailesi zimagwiritsa ntchito potanthauza bajeti asakusokonezeni, chifukwa bajeti ikavomerezedwa imakhala ndi mphamvu ya lamulo, pamene ndondomeko ya ulimi wothirira kapena ya zamalo ilibe mphamvu yotero payokha. M'kaundula wa msonkhano wanu lembani "bajeti" pamene mukunena za ndalama, ndipo "ndondomeko" muisungire zolinga za boma.

Funso lomaliza ndi lalifupi, lochokera kwa gogo wina wa ku Tengani amene akufuna kulembera kalata phungu wa dera lake: alembe "Wolemekezeka" kapena "Olemekezeka"?

Agogo, "wolemekezeka" ndi wa munthu mmodzi, "olemekezeka" ndi wa anthu ambiri komanso waulemu kwa munthu mmodzi. Popeza m'kalatamo mudzalemba kuti "inu", yambani ndi "Olemekezeka", ndipo musunge mgwirizano womwewo mpaka kumapeto. Ngati cholinga chanu n'chakuti phunguyo akafunse nduna m'malo mwanu, musalembe kuti "mukatikambireko za mavuto athu", chifukwa "-ko" ameneyo akumupatsa ufulu wongotchula dzina la mudzi wanu n'kukhala pansi. Lembani funso lenilenilo mmene mukufuna kuti likafunsidwire, mutchule malo, chinthu chimene chikusowa ndi chaka chimene vutolo linayamba, ndipo mumupemphe kuti yankho la nduna adzakuwerengereni pamsonkhano wa m'dera lanu.