Mbedza ili nayo, nanga F-16 imalepheranji kutera pa sitima?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mmodzi wa inu amene mumawerenga kuno. Akuti: "Ndaona pa chithunzi kuti F-16 ili ndi mbedza kumchira, ngati ndege za pa sitima zija. Ndiye n'chifukwa chiyani dziko limataya ndalama kupanga ndege zapamtunda pazokha, zapanyanja pazokhanso? Kodi yapamtundayo singanyamuke ndi kutera pa sitima yonyamula ndege?"

Achimwene, maso anu ndi akuthwa, mbedzayo ilipodi pa F-16, jeti yankhondo ya America ija. F-15 nayonso ili nayo. Koma ntchito yake ndi ina. Imagwira pa tsiku la tsoka, mabuleki akakana pa bwalo lapamtunda. Pamenepo imakola chingwe chimene chimatamuka pang'onopang'ono kwa mamita pafupifupi 300 ndege isanaime, ndipo ikatero amakaniko amayamba ayiunika kaye isanaulukenso. Mbedza ya ndege yapanyanja imagwira ntchito ulendo uliwonse, usana ndi usiku, kwa zaka.

Gwero la nkhani yonseyi ndi kateredwe. Sitima za America za mtundu wa Nimitz n'zotalika mamita 333, koma ndege simatera pa utali wonsewo. Imabwera pa liwiro la makilomita pafupifupi 250 pa ola, n'kukola chimodzi mwa zingwe zitatu kapena zinayi zopingasa pa bwalo la sitimayo, ndipo m'masekondi awiri imakhala itaima, itayenda mamita 100 okha, utali wa bwalo la mpira. Woyendetsa ndege yapamtunda akamatera amadzutsa mphuno pang'ono kuti matayala akhudze phula mofewa, chifukwa kutsogolo kwake kuli makilomita awiri kapena atatu. Wapanyanja mwayi umenewo alibe. Amaimenyetsa ndegeyo pansi dala, ikutsika mamita atatu kapena anayi pa sekondi, apo sitima nayo ikukwera ndi kutsika ndi mafunde. Ndipo matayala akangogunda, m'malo moponda mabuleki amatsegula injini mphamvu yonse, kuti ngati mbedza yaphonya chingwe aulukenso, asagwere m'madzi. Ndiye taganizani: injini ikukankhira kutsogolo, chingwe chikukokera kumbuyo, zonsezo zikudutsa m'mafupa a ndege. Miyendo yowonda ya F-16 ija ingapindike pomwepo, ndipo mbedza ingazuke pamodzi ndi pamene inamangidwira.

Kunyamuka nakonso kuli ndi zake. Sitima za America ndi Charles de Gaulle ya France zimaponya ndege ndi chilegeni chobisika pansi pa bwalo, choyendera nthunzi, kapena magetsi pa sitima ya Gerald R. Ford. Chimagwira ndege pa mwendo wakutsogolo n'kuikoka mamita pafupifupi 75 mpaka 95, ndipo pofika kumapeto ili pa makilomita oposa 250 pa ola. Mwendo wakutsogolo wa F-16 ulibe ngakhale pogwirira. Onjezerani mapiko osapindika pamalo othina, ndi mchere wa m'nyanja umene umadya zitsulo ndi mawaya ngati sanazitchinjirize kuyambira ku fakitale.

Mwina muti, bwanji osangoilimbitsa? Ayesapo kambirimbiri, ndipo mapeto ake pamatuluka ndege ina. A Britain pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anatenga ndege yawo yankhondo ya Spitfire, naiika mbedza, naitcha Seafire. M'mwamba inali katswiri. Koma ku Salerno, ku Italy, mu September 1943, mphepo itachepa ndipo sitima zake zili zazing'ono, zimene zinaphwanyika potera zinali zambiri kutalitali kuposa zimene adani anagwetsa. M'zaka za m'ma 1960 nduna ya chitetezo ya America, Robert McNamara, inafuna kuti F-111 ikhale ndege imodzi ya onse. Yapanyanja yake, F-111B, inalemera mopyola muyeso, anaisiya mu 1968, ndipo m'malo mwake munabadwa F-14. Ndege yoyeserera ya YF-17 itagonja kwa YF-16 (imene inadzakhala F-16) pa mpikisano wa asilikali amumlengalenga a America mu 1975, asilikali apamadzi anaitola, koma pofika poti ikhale F/A-18 inali itakula, italemera, miyendo ndi thupi zonse zatsopano. A Soviet Union anachita chimodzimodzi ndi Su-27: anaiwonjezera timapiko kutsogolo, mapiko opindika ndi miyendo yolimba, ndipo woyendetsa ndege Viktor Pugachev anaiteretsa koyamba pa sitima pa 1 November 1989. Lero timaidziwa ndi dzina lakuti Su-33.

Kwa ine amene anachita mwanzeru ndi a France. Rafale anaiganizira nyanja kuyambira pa pepala, choncho Rafale M, yapanyanjayo, imasiyana ndi yapamtunda ndi makilogalamu pafupifupi 500 okha. F-35 ndiye imanyenga anthu chifukwa cha dzina. Mapiko a F-35A, yapamtunda, ndi mamita 10.7, a F-35C, yapanyanja, ndi mamita 13.1, kuti izitha kubwera mwapang'onopang'ono potera. Ngakhale F-35C yomweyo, yopangidwira nyanja, mbedza yake yoyamba inkalephera kukola chingwe poyeserera mu 2011, mpaka anaikonzanso.

Tsono ndisakunamizeni kuti ndege yapamtunda sinapondepo pa sitima. Pa 18 April 1942 ndege 16 za B-25 zinanyamuka pa sitima ya America ya USS Hornet kukaphulitsa mabomba ku Japan, koma zobwerera kudzatera panalibe, zinalunjika ku China. Mu June 1940, a Britain pochoka ku Norway, oyendetsa ma Hurricane a gulu la 46 Squadron anakana kusiya ndege zawo, nazitereza pa HMS Glorious popanda mbedza, ataika matumba a mchenga kumchira kuti zisagwe chamutu pogwira mabuleki. Zinatera bwinobwino. Chomvetsa chisoni n'chakuti pa 8 June sitimayo inamizidwa ndi sitima zankhondo za Germany, Scharnhorst ndi Gneisenau, ndipo ambiri a iwo anafera pomwepo. Ndiye pali ija ndimaikonda ine: mu 1963 James Flatley anateretsa chindege chonyamula katundu, C-130, pa USS Forrestal maulendo 21, wopanda mbedza kapena legeni. Koma onetsetsani kuti zonsezi zinali ndege zamapulopela zotera mwapang'onopang'ono. Jeti yankhondo imabwera ndi liwiro lina.

Zimene zimadumpha lamuloli ndi ndege zotera choimirira. Mu 1982, pa nkhondo ya ku Falklands, ma Harrier GR.3 a asilikali amumlengalenga a Britain anagwira ntchito ali pa HMS Hermes, atangowakonza pang'ono. F-35B ikuchita zomwezo lero pa HMS Queen Elizabeth, sitima yopanda zingwe ndi legeni yomwe. Mtengo wake ndi wakuti ndege zotere zimanyamula mafuta ochepa ndipo sizifika patali ngati zinzake.

Pa funso lanu la ndalama lija, njira yopulumutsira ilipo, koma imayenda chobwerera. Ndege yapanyanja imakhala pamtunda popanda vuto, imangonyamula kulemera kumene sikukufunika. F-4 Phantom inapangidwira asilikali apamadzi a America, amumlengalenga anaisirira naigula yambirimbiri, ndipo A-7 inayenda njira yomweyo. F/A-18 inagulidwa ndi Canada, Australia, Spain, Kuwait ndi Malaysia kuti izinyamukira pamtunda. A Finland amaiteretsa pa misewu ya galimoto poyeserera, miyendo yolimba ija n'kuwathandiza. Ndipo Switzerland, dziko lopanda nyanja, imauluka nayo pakati pa mapiri a Alps, mbedza yake ya pa sitima ili pomwepo kumchira.