Chikumbutso chiziyamba Lolemba, osati pa tsiku la mwambo

Kalata ya lero yachokera kwa mphunzitsi wa ku pulayimale amene wangopatsidwa kumene udindo woyang'anira asembule ndi masiku okumbukira zinthu pasukulu pawo. Pa imelo yawo akuti: "Tsiku lokumbukira likayandikira, maphunziro amaima sabata yonse chifukwa cha zokonzekera. Likafika, ana amawotchedwa ndi dzuwa maola awiri akumvetsera akuluakulu. Lolemba lake ndikawafunsa zomwe timakumbukira, amangonditchulira mnzawo amene anavina bwino. Ndingalumikize bwanji masiku amenewa ndi ntchito ya sabata ndi sabata?"

Zikomo aphunzitsi. Gwero la vutoli lili m'kalata yanu momwemo: pasukulu panu mwambo ndi maphunziro zikulimbirana nthawi. Ife tikuti mwambo uzikhala pothera pa ntchito ya m'kalasi ya sabata imeneyo. Chilichonse chimene mwana adzachite pamaso pa anzake Lachisanu chikhale chimene wachiphunzira m'mapiriyodi a masiku onse kuyambira Lolemba. Chimene chikusowa phunziro loti chilowemo, chifufuteni papulogalamu, ngakhale chitakhala chosangalatsa bwanji.

Muyambe ndi kuchepetsa masikuwo, chifukwa alipo ambirimbiri. Pa 21 Febuluwale pali tsiku la chilankhulo chobadwa nacho, pa 22 Malichi la madzi, pa 23 Epulo la mabuku, pa 5 Juni la chilengedwe, pa 16 Juni la mwana wa mu Africa, pa 8 Seputembala la kulemba ndi kuwerenga, pa 5 Okutobala la aphunzitsi, pa 20 Novembala la ana a dziko lonse. Apo sitinawerengere masiku a dziko lanu ndi tsiku limene sukulu yanu inatsegulidwa. Mukati muwachite onse, silabasi simuimaliza. Sankhani awiri pa teremu, limodzi lokhala ndi mwambo wa sukulu yonse, linalo lothera m'makalasi. Otsalawo muziwapatsa mphindi zitatu pa asembule basi. Posankha, yalani kalendala ya sukulu patebulo, chifukwa masiku ena amagwera pa holide kapena m'sabata ya mayeso. Kenako yesani ichi: kodi nkhani ya tsikulo mungamufotokozere mwana wa zaka 7 m'ziganizo zisanu? Ikakukanikani inuyo, anawo ndiye siiwalowa n'komwe.

Titenge la pa 16 Juni. Ziganizo zake zisanu zingakhale izi. Pa 16 Juni 1976, ana a sukulu zikwizikwi anayenda mumsewu ku Soweto, m'dziko la South Africa. Ankakana lamulo la boma la tsankho lowakakamiza kuphunzira masamu ndi maphunziro ena m'chilankhulo cha Afrikaans. Apolisi anawawombera, ndipo ana ambiri anafa. Mu 1991, bungwe la mayiko a mu Africa la OAU linakhazikitsa tsikuli kuti anawo azikumbukiridwa. Lero timaligwiritsanso ntchito pofunsa ngati mwana aliyense akulandira maphunziro abwino. Ziganizo zimenezi muzilembe papepala limodzi, mphunzitsi aliyense alandire lake sabata isanayambe. Mukapanda kutero, kalasi iliyonse idzamva nkhani yakeyake.

Lolemba, m'piriyodi ya chilankhulo, mphunzitsi asimbe nkhaniyo kwa mphindi khumi, osawerenga papepala. Akamaliza alembe mafunso atatu pakona ya bolodi: Chinachitika n'chiyani? Chinachitika liti, kuti? N'chifukwa chiyani tikuchikumbukira? Mafunsowo asafufutidwe mpaka Lachisanu. Mawu atsopano asapitirire asanu, mwachitsanzo tsankho, ufulu, chionetsero, lamulo ndi chikumbutso.

Lachiwiri ndi la masamu, ndipo apa m'pamene nkhani yakale imagwirika ndi manja. Mwana wamng'ono akamva "1976" samva kanthu. Kwa iye chaka chimenecho n'chimodzimodzi ndi chaka chatha. Pezani chingwe chopitirira mamita 5, muchimange kuchokera pazenera kufika pachitseko. Gwirizanani kuti masentimita 10 ndi chaka chimodzi, ndiye kuti zaka 10 ndi mita imodzi, zaka 50 ndi mamita 5. Kumayambiriro kwa chingwe mupachike kapepala kolembedwa 1976. Ana ayeze okha ndi rula pamene 1991 akhale: zaka 15, ndiye mita imodzi ndi theka. Kumapeto ayike chaka chino. Kenako aliyense apeze chaka chake chobadwa. Mwana wa zaka 10 adzaona kuti moyo wake wonse ndi mita imodzi yomalizirayo, pamene chingwe chikadali chitalitali kumbuyo kwake. Mphunzitsi akapachikaponso chaka chake, kalasi idzaseka, koma phunziro lochotsera manambala a malo anayi latheka, la kuyeza latheka, ndipo nthawi yaoneka ndi maso. Ana a makalasi oyambirira asavutike ndi rula: jambulani mzere pansi ndi choko, sitepe imodzi ikhale zaka zisanu, aziwerenga poyenda. Mapu akhale pafupi, ana apeze South Africa ndi Johannesburg, mzinda umene Soweto ali mbali yake.

Lachitatu ndi la kulemba. Aang'ono ajambule chithunzi n'kulemba chiganizo chimodzi pansi pake. Akuluakulu alembe ndakatulo ya mizere isanu ndi itatu, kapena kalata yopita kwa mwana wa mu 1976. Cholakwika chofala n'choti mphunzitsi amalemba yekha ndakatulo yodzaza mawu ozama n'kupatsa ana kuti aloweze. Amalakatula bwinobwino ngati zinkhwe, koma afunseni tanthauzo la mzere wachiwiri, angokuyang'anani. Ndakatulo yopunduka yolemba mwana iposa yokongola yolemba inu. Konzani masipelo okha, maganizo muwasiye.

Lachinayi, m'piriyodi ya zaluso, apange zikwangwani ndi makatoni akale, ndipo tsiku lomwelo muchite zoyeserera kamodzi kokha, mphindi 20, pamalo enieni a mwambo. Kamodziko n'kokwanira chifukwa palibe chachilendo choti aloweze. Tsiku lokumbukira likagwera pakati pa sabata, werengani chobwerera masiku anayi a sukulu, muyambire pamenepo.

Pali kanthu kakang'ono kamene kamamanga sabata yonseyi pamodzi. M'mawa uliwonse, phunziro loyamba lisanayambe, ana ayankhe mafunso atatu a pabolodi aja makope ali otseka. Wofufuza wa ku Germany Hermann Ebbinghaus anaonetsa kale mu 1885 kuti munthu amaiwala mofulumira kwambiri atangophunzira kumene, ndi kuti kubwereza motalikitsa masiku kumathandiza kuposa kubwereza kambirimbiri tsiku limodzi. Katswiri wa zamaphunziro Barak Rosenshine, pofotokoza mu 2012 zimene aphunzitsi ochita bwino amachita, anatchula kuyamba phunziro ndi kubwereza kwa mphindi 5 mpaka 8. Mukafunsa, musathamangire dzanja loyamba. Wofufuza wina wa zamaphunziro, Mary Budd Rowe, anapeza kuti aphunzitsi ambiri amadikira sekondi imodzi yokha akafunsa funso, koma akadikira masekondi atatu kapena kuposerapo, ana oyankha amachuluka ndipo mayankho amatalika. Werengani chamumtima mpaka katatu. Poyamba zimaoneka ngati chaka.

Tsopano mwambo weniweniwo. Ukhale wa mphindi 30. Zisanu zoyambirira zimathera polowa ndi kukhala pansi, ndipo musadzinamize kuti zingachepe. Zitatu ana awiri asimbe ziganizo zisanu zija. Khumi zigawidwe kwa makalasi atatu, osati onse. Ziwiri zikhale za chete, zisanu za mlendo, zisanu zomaliza za nyimbo ndi kutuluka. Ana akhale pansi pamthunzi, aang'ono kutsogolo, ndipo akhale atapita kale kuchimbudzi. Zowerenga zilembedwe ndi zilembo zikuluzikulu pakhadi lolimba, chifukwa pepala wamba limanjenjemera m'manja mwa mwana wamantha ndipo mphepo imalipinda. Chiganizo chilichonse chisapitirire mawu khumi. Gawo lililonse likhale ndi ana awiri olidziwa, poti mmodzi akhoza kudzuka ndi malungo. Mphunzitsi mmodzi aime kumbuyo kwenikweni, azikweza dzanja mawu akapanda kufika.

Amene amaononga mphindi 30 zimenezi nthawi zambiri si ana, ndi mlendo wolemekezeka. Pomuitana, mulembereni momveka kuti omvera ndi ana a zaka 6 mpaka 13, kuti ali ndi mphindi zisanu, ndi kuti abwere ndi chinthu chimodzi chooneka ndi maso, kaya chithunzi kaya buku lakale. Njira yabwino koposa ndi kusamupatsa mpata wa malankhulidwe: ana atatu amufunse mafunso amene kalasi inakonza Lachitatu, iye aziyankha. Ana ayambe kuchita zawo mlendo asanalankhule, ndipo belu likalira yambani, kaya wafika kaya sanafike. Izi mugwirizane ndi mphunzitsi wamkulu pasadakhale, poti ndi iwo amene adzayang'anizane ndi mlendo wochedwayo.

Mphindi za chete zikufunika kuzifotokoza bwino, chifukwa ndi zimene zimalephereka kawirikawiri. Mwambo wa mphindi ziwiri unafala kuchokera pa 11 Novembala 1919, pamene Mfumu George V ya ku Britain inapempha anthu kuti aime chete nthawi ya 11 koloko m'mawa, pokumbukira kuti pa ola lomwelo chaka cha 1918 mfuti za nkhondo yoyamba ya dziko lonse zinaleka kulira. Maganizowo anachokera kwa Sir Percy FitzPatrick wa ku South Africa, potengera zimene anthu ankachita ku Cape Town nkhondo ili mkati. Unali mwambo wa anthu akuluakulu odziwa amene akumulira. Mwana wa zaka 6 mukangomuuza kuti "khala chete," sadziwa kuti chetecho chitha liti kapena kuti aziganiza chiyani. Pakapita masekondi 15 wina amatsokomola, wina n'kuyang'ana mnzake, kuseka n'kuyamba. Kusekako si mwano, ndi kusowa pogwira. Choncho muwazoloweze m'kalasi: Lolemba masekondi 20, Lachiwiri 40, Lachitatu mphindi imodzi. Auzeni kuti belu likalira kamodzi tayamba, likalira kawiri tamaliza. Apatseni choganizira chimodzi chokha, monga "ganizirani mwana amene anachoka kunyumba m'mawa uja atanyamula mabuku." Maso akhale ndi poyang'ana, kaya duwa loikidwa patebulo kutsogolo, kaya manja awo omwe. Kandulo ayi, pagulu la ana moto suyenera. Wina akaseka musamukalipire pomwepo, chifukwa mawu anu ndi amene aphe chetecho. Mphunzitsi angoyandikira n'kuima pambali pake. Ngati sukulu ili ndi ana aang'ono ambiri, mphindi imodzi yokhala bata iposa ziwiri za phokoso.

Nkhani za imfa zimafunanso kusamala. Sabata isanayambe, funsani aphunzitsi ngati m'makalasi mwawo muli mwana woferedwa posachedwa. Ameneyo auzidwe pasadakhale zimene zichitike, akhale kumapeto kwa mzere pafupi ndi mphunzitsi wake, ndipo aloledwe kuchoka akafuna. Chithunzi chodziwika cha Hector Pieterson, mnyamata wa zaka 12 amene anawomberedwa tsiku lija, chimene anajambula Sam Nzima, n'choyenera makalasi apamwamba okha, mphunzitsi ali pomwepo kuti afotokoze. Sewero la kuwomberana musalilole. Anyamata amalimbirana kukhala apolisi, timitengo timasanduka mfuti, ogwa pansi amagwa moseketsa, ndipo chikumbutso chimasanduka nthabwala. Sewero lithere pamene ana akunyamuka ndi zikwangwani.

Kuti chinthu chikhale mwambo wa sukulu, pamafunika mbali imene siisintha chaka ndi chaka. Gawani ntchito potengera kalasi, osati mwana: kalasi yomaliza ndiyo isimbe nkhani, yapakati ipange zikwangwani, yoyamba inyamule duwa. Mwana amakula akudziwa kuti akadzafika kalasi yakuti, ntchito yakuti idzakhala yake. Sungani kope limodzi lachikuto cholimba, chaka chilichonse chikhale ndi tsamba lake: deti, pulogalamu, ndakatulo imodzi ya mwana, ndi zimene zinavuta. Inu mukadzasamutsidwa, wolowa m'malo mwanu sadzayambira pachabe. Ngati mukufuna kubzala mtengo wachikumbutso, ubzalidwe nthawi ya mvula ndipo upatsidwe kwa kalasi imodzi. Mtengo wa sukulu yonse umauma pa holide yoyamba.

Masabata opanda chikumbutso ayende m'mapazi omwewo, mopepuka: kubwereza kwa mphindi zisanu m'mawa, ndi mphindi 15 Lachisanu zoti kalasi imodzi ionetse zimene yaphunzira. Makalasi azisinthana, iliyonse kamodzi pa teremu. M'kaundula muziika kadontho padzina la mwana aliyense amene waima kutsogolo, apo ayi mudzapeza kuti ana asanu ndi mmodzi omwewo, olankhula mosajejema, ndi amene achita zonse chaka chathunthu.

Za funso lanu la Lolemba lija, musalifunse pakamwa kwa kalasi yonse, chifukwa oyankha amakhala awiri okha. Patapita masabata awiri, gawani timapepala, mwana aliyense ayankhe mafunso atatu aja payekha, osalemba dzina. Unjikani timapepalato m'milu itatu potengera funso limene lamuvuta. Mulu wa "liti, kuti" ukakula, chingwe cha zaka chibwerere pakhoma sabata ina. Ukakula wa "n'chifukwa chiyani," ndiye kuti chiganizo chachisanu chija sichinamveke, ndipo muchilembenso m'kope lachikuto cholimba lija musanaiwale.