Ndabisa pasipoti ya akazi anga kuti asapite kwa anzawo a kusukulu

Azakhali,

Ndine bambo wa zaka 41, ndimagwira ntchito yowerengera ndalama pa kampani ina ku Lilongwe. Ndatha zaka 12 m'banja ndipo tili ndi ana atatu. Akazi anga anaphunzira zojambulajambula ku Chanco, koma pomwe tinkakwatirana n'kuti akuphunzitsa pa sekondale, ndipo zaka zonsezi sindinawaonepo atagwira burashi. Zithunzi zawo zakale zinali m'katoni pamwamba pa wadiropu.

Zinthu zinatembenuka chaka chatha, mnzawo wa m'kalasi atamwalira. Kumaliroko anakumana onse asanu ndi awiri otsala, n'kutsegula gulu la pa WhatsApp losonkhera chipepeso. Maliro anatha, gulu silinatsekedwe. Wina ali ku Cape Town, wina ku Lusaka, wina ku Mangalande, ena ku Blantyre ndi ku Mzuzu. Mu Disembala anakasonkhana ku Zomba masiku atatu. Chibwerereni kumeneko, ana akangogona mayiwa amayala nsalu pakhonde n'kumajambula mpaka pakati pa usiku.

Wa ku Cape Town uja ndi mwamuna, ndipo ndi amene amawatumizira penti pa basi. Ndinamva kwa munthu wina kuti anali pachibwenzi ali chaka chachiwiri. M'katoni muja ndinapezamo nkhope ya akazi anga yojambulidwa ndi makala, pansi pake pali dzina la mkuluyo. Mayi anga akuti ndisapusitsidwe, madzi saiwala khwawa.

Tsopano gululi lakonza chionetsero ku Lusaka mwezi wamawa ndipo akazi anga akufuna kupititsa zithunzi zisanu ndi chimodzi. Ndinakana, iwo anati apitabe. Ndiye ndinatenga pasipoti yawo n'kukaikhomera mudirowa ku ofesi. Papita sabata ziwiri akuifunafuna, akulira, ndipo ayamba kukayikira mtsikana wathu wantchito. Foni yawo ndaisecha kangapo, sindinapezemo choipa. Koma Azakhali, akamacheza ndi anthu amenewa amaseka kuseka kumene kwa ine sanasekepo. Nditani kuti banja langa lisathe?

Bambo wosowa mtendere, Area 25

Mwana wanga,

Mawa m'mawa mukafika ku ofesi, musanayatse n'komwe kompyuta, tsegulani dirowa ija, muike pasipotiyo m'thumba la malaya. Madzulo mukaipereke m'manja mwa mwini wake, ndipo mukanene ndi pakamwa panu kuti munaitenga ndinu. Musakaiponye kuseri kwa bedi kuti ioneke ngati inagwera. Ndayambira pamenepa chifukwa m'kalata yanu muli munthu mmodzi amene mwamudutsa ngati simukumuona: mtsikana wantchito uja. Mwana wa eni ake akuyang'anidwa ngati mbava m'nyumba mwanu kwa sabata ziwiri, inu mukudya nsima imene waphika, muli chete. Akachotsedwa ntchito, mbiri yoti ndi wakuba imutsata mpaka kwawo. Ameneyonso mukamupepese.

Dziwaninso kuti zimene mwachitazi si kachilango ka m'banja ayi. Gawo 39 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wotuluka m'dziko ndi kubwereramo, ndipo silinena kuti mkazi wokwatiwa ayambe wapempha chidindo cha mwamuna. Lamulo lothana ndi nkhanza za m'banja la 2006 silinena za zibakera zokha, limawerengeranso kuzunza munthu m'maganizo. Sindikukuopsezani ndi apolisi, ndikungofuna muone kukula kwa chimene mwanyamula. Mukuopa kuti banja lithetsedwa ndi munthu wa ku Cape Town, pamene chothetsa banja chenicheni chili mudirowa mwanu.

Tsono tikambe za anzawowo, popeza mukuwaona ngati gulu la afiti.

Anthu amene anaphunzira limodzi ntchito ya manja ubwenzi wawo umakhala wa mtundu wina. Inu a zowerengera ndalama aliyense ankalemba mayeso ake payekha, n'kukaona zotsatira pa bolodi. Ojambula satero. Ntchito ya munthu imakhomedwa pakhoma, anzake onse n'kuima mozungulira, wina n'kunena poyera kuti dzanja ili lapindika, thambo ili lafa, apa wachita ulesi. Zaka zinayi za kuchititsana manyazi ndi kulimbitsana mtima motere, kubwerekana pensulo, kugawana chubu chimodzi cha penti yoyera, kukhala pa msika wa Zomba kujambula amayi ogulitsa tomato dzuwa likuswa mtengo, kukwera phiri kukajambula damu la Mulunguzi. Munthu amene anaona ntchito yako ili yoipa n'kukuuza zoona, ukamupezanso patapita zaka khumi ndi zisanu sumutaya. Inu mukaona chithunzi cha akazi anu mungonena kuti n'chokongola, kapena simunena kanthu. Anzawowo amawauza kuti mtundu wobiriwirawu wachuluka, chepetsa. Njala imeneyo ndi imene yawadzutsa pakati pa usiku.

Palinso za m'thumba. Kuno kwathu malo oonetsera ndi kugulitsira zithunzi ndi owerengeka. Ku Blantyre kuli La Caverna m'nyumba yakale ya Mandala, ku Mua kuli KuNgoni imene bambo Claude Boucher Chisale anayambitsa mu 1976, kwinaku ndi m'mahotela, m'mphepete mwa nyanja ndi pa misika ya ziboliboli. Wojambula amamva za msika kudzera kwa mnzake: uyu akuti kuno kukufunika zithunzi, uyo akuti ndili ndi khoma lopanda kanthu, bwera nazo. Penti yeniyeni ya m'machubu ndi yosowa komanso yodula, mwakuti ambiri amangogwiritsa ntchito penti ya nyumba n'kusakaniza mitundu okha. Ndiye mnzako akakhala ku Joni kapena ku Cape Town, kumene zinthuzi zili mbwee m'masitolo, amakupatsira pa basi monga momwe ena amatumizira mabulangete ndi mafoni. Phukusi la penti palokha si kalata ya chikondi.

Nkhope ya makala ija nayo isakusowetseni tulo. Ophunzira zojambula amajambulana okhaokha tsiku ndi tsiku, chifukwa munthu woti akhale phee kwa maola awiri popanda malipiro amupeza kuti? Mukafufuza bwino m'katonimo mupezamo nkhope za ena onse asanu ndi mmodzi, zojambulidwa ndi akazi anu.

Koma sindikupakani mafuta pakamwa. Ngati anthu awiriwa analidi pachibwenzi, akazi anu analakwa kukusiyani kuti mumve kwa anthu a m'njira. Zikanayenera kuchokera kwa iwo, tsiku lomwe phukusi loyamba linafika. Ndipo mayi anu sananame, alipo madzi amene amabwerera m'khwawa lakale, ine pa ntchito yangayi ndawerenga makalata otere ambirimbiri. Choncho muli ndi ufulu wofunsa, ndipo funsani maso ndi maso: kodi munali pachibwenzi, chinatha bwanji, lero mumamuona bwanji? Muli ndi ufulu wopempha kuti penti ikabwera izilipiridwa, kuti pasakhale ngongole ya mumtima. Muli ndi ufulu wodziwa kuti ulendo wa ku Lusaka udya ndalama zingati, zichokera kuti, akagona kuti, ndipo ana atsala ndi yani. Mkazi amene alibe chobisa mafunso awa samuvuta. Chimene mulibe ndi ufulu wosecha foni usiku ngati wapolisi. Mwasecha kangapo, simunapeze kanthu, komabe mtima sunakhazikike. Ndiye kuti chimene chikukudyani sichili m'fonimo.

Chili m'mawu anu omaliza aja, akuti amaseka kuseka kumene kwa inu sanasekepo. Pamenepo ndinaika kalata yanu pansi kaye, chifukwa ndinakumverani chisoni. N'zowawa kuona munthu amene wagona naye mphasa imodzi zaka 12 akuwala nkhope chifukwa cha anthu ena. Koma tadzifunsani, katoni ija inakhala pamwamba pa wadiropu zaka zonsezo, munayamba mwaitsitsapo n'kunena kuti amayi, tandionetsani zimene munkachita ku Zomba? Munakwatira mphunzitsi, mayi wa ana, wophika ndi wochapa, ndipo onsewo mumawadziwa bwino. Wojambula uja simunakumane naye. Iyeyo sanafe, anangogona, ndipo amene anamudzutsa ndi maliro. Munthu akaponya dothi pa bokosi la mnzake wa msinkhu wake, amabwerera kunyumba akudziwerengera masiku, n'kumadzifunsa kuti luso limene Mulungu anandipatsa ndidzapita nalo kumanda lili m'katoni? Akazi anu sakuthawa inu. Akuthamangira chinthu chawo chimene anachisiya panjira polera ana anu.

Ine ndili ndi anzanga anayi amene tinaphunzira limodzi zauphunzitsi tili atsikana. Malemu bambo a kunyumba kwanga poyamba ankadandaula kuti tikakumana timaiwala kuti tili ndi mabanja. Tsiku limene anagonekedwa m'chipatala, amene ankasinthana nane pa chikuku, kubweretsa phala m'fulasiki m'bandakucha, anali amayi omwewo. Mmodzi anachoka ku Karonga usiku pa basi. Anthu asanu ndi awiri amene anasonkha chipepeso cha mnzawo aja ndi omwe adzaime ndi ana anu tsiku lina.

Za mayi anu, alemekezeni, koma nkhani za kuchipinda kwanu zisamakambidwe pa mkeka wawo akazi anu palibe. Zikakukanikani awiri, ankhoswe alipo, ntchito yawo ndi imeneyi. Mukapita kumeneko mukayambe ndi kuulula za pasipoti, osati za penti.

Ndipo konzekani, chifukwa mukaulula akazi anu akwiya kwambiri, mwina masiku angapo osakulankhulani. Musadziteteze, musati ndinachita chifukwa chokukondani. Ingonenani kuti ndinachita mantha ndipo ndinalakwa. Mkwiyo ukatsika, apempheni chinthu chimodzi: kuti mupite nawo ku Lusaka. Osati ngati mlonda, koma ngati wonyamula katundu, poti zithunzi zisanu ndi chimodzi si zonyamula munthu mmodzi. Si kutali. Mukadzuka m'mamawa pa Lilongwe, kudutsa pa Mchinji ndi Mwami, Chipata, Katete, Petauke, kuwoloka mlatho wa Luangwa, usiku mwafika, ndipo njira yonse mukulankhula chinenero chanu chomwechi. Mukapeza mpata mukalowenso mu Henry Tayali, nyumba ya zithunzi imene ili ku Showgrounds, mukaone kuti ntchito imeneyi anthu amaipatsa ulemu wotani. Mkulu wa ku Cape Town uja mukamugwire chanza, mumuyang'ane m'maso, mumuthokoze chifukwa cha penti, n'kumufunsa mtengo wake. Munthu amene wadya nawe nsima amavuta kumuopa, ndipo ngati ali ndi maganizo oipa, naye zimamuvuta akadziwa nkhope ya mwini nyumba.

Akakana kuti mupite nawo ulendo uno, musaumirire, mwawapweteka ndipo bala likadali laliwisi. Aperekezeni kudepoti, muwathandize kukulunga zithunzizo kuti zisanyowe, mutsale ndi ana. Akadzabwera mudzandilembere, mundiuze kuti pa zisanu ndi chimodzi zija zagulidwa zingati, komanso ngati mtsikana uja akadali pantchito.

Azakhali anu