Amayi akukapangitsa facelift, ukwati uli patsogolo: masabata asanu akwana?

Kalata iyi yatipeza pa imelo kuchokera kwa achemwali ena a ku Waterfalls, konkuno ku Harare. Tayifupikitsa ndipo dzina tasunga.

"Amayi anga ali ndi zaka 59, ndipo pakati pa Novembala akukachitidwa opaleshoni yokoka khungu la kumaso, ija amati facelift, pachipatala china cholipira m'tauni muno. Amamwa mankhwala a BP. Wodzawasamalira ndine. Achimwene anga akumanga ukwati Khirisimasi isanakwane, patangotha masabata asanu kuchokera tsiku la opaleshoni. Kodi adzakhala atachira? Adzatha kulukitsa tsitsi n'kuvina? Nanga ine kunyumba ndiziyang'ana chiyani?"

Achemwali, paukwatipo amayi adzakhalapo, ndipo zonse zikayenda bwino adzajambulitsa zithunzi opanda manyazi. Zoluka zothina ndi gule wodumpha aiwale. Koma funso limene mwaliika kumapeto ndilo lolemera, makamaka chifukwa cha BP mwatchulayo, choncho tiyambira pamenepo.

Dziwani kaye zimene dokotala akachite. Amacheka kuyambira m'tsitsi pamwamba pa khutu, kutsika cha kutsogolo kwa khutu, kuzungulira kunsi kumene timaboola ndolo, n'kukwera kuseri mpaka kukalowanso m'tsitsi. Ngati akukonza ndi khosi lomwe, amachekanso pang'ono kunsi kwa chibwano. Akatero amamatula khungu la tsaya ndi la khosi, amakoka n'kusoka kamnofu kopyapyala ka pansi pake kamene amakatcha SMAS, kenako amayalanso khungu lija n'kudula lotsala. Inu mudzangoona kamzere ka ulusi kuzungulira khutu, koma bala lenileni ndi lalikulu ngati chikhatho chanu tsaya lililonse, labisala pansi pa khungu. Pansi pamenepo pali mpata woti magazi akhoza kudikha, ndipo khungu lomatulidwalo likudalira timitsempha tochepa timene tatsala.

Vuto limene limachitika kawirikawiri kuposa ena onse pa opaleshoni imeneyi ndi magazi odikhawo, hematoma. Nthawi zambiri limabwera m'maola 24 oyamba, ndipo amene limakonda kuwagwera ndi abambo komanso anthu a BP yokwera. Kutupa wamba kumakhala kwa mbali zonse ziwiri, kofewa mukakhudza, ndipo wodwala amadandaula kuthina osati ululu weniweni. Magazi akamadikha, tsaya limodzi kapena mbali imodzi ya khosi imafufuma msanga, imalimba ngati mpira wopopa, khungu limanyezimira, ndipo ululu umakula ngakhale amwe mankhwala. Pakhungu lathu lakudali kusintha kwa mtundu sikuoneka msanga, ndiye musadalire maso okha. Sambani m'manja, khudzani masaya onse awiri mofatsa n'kuyerekeza, ndipo unikani ndi tochi m'kamwa: mkati mwa tsaya mukada ngati nthudza mbali imodzi, chimenecho ndi chizindikiro. Mukaona zimenezi imbani foni kwa dokotala nthawi yomweyo, kaya ndi 2 koloko usiku, n'kunyamuka. Zoti tione kukacha pano palibe. Magaziwo akachotsedwa msanga nkhope imachira bwinobwino. Akagonera amapha khungu la pamwamba pake, ndipo akadzaza m'khosi amatha kutsekereza mpweya.

Ndiye ngati chipatalacho chikulola kugona usiku woyamba, lipirani usikuwo, musaumire. Pobwera kunyumba mukhale ndi nambala ya foni ya dokotala imene amayankha usiku, galimoto yothira kale mafuta ndi woyendetsa amene sanamwe, ndiponso foni ndi tochi zotchaja, poti magetsi a ZESA sapangana ndi munthu. Gulani kapena bwerekani makina oyezera BP, muziwayeza m'mawa ndi madzulo n'kulemba papepala. Madokotala ambiri amafuna kuti nambala yapamwamba isapitirire 140 masiku oyambawa, koma funsani wawoyo kuti ikafika pati mumuimbire, ndiponso kuti mapiritsi a BP amwe bwanji m'mawa wa tsiku la opaleshoni. Asadumphitse okha.

Zimene zimakweza BP mwadzidzidzi ndi zazing'ono zooneka ngati zosavuta: ululu wosamwera mankhwala, kusanza, kutsokomola kwambiri, kudzikakamiza kuchimbudzi, kuwerama, mkwiyo. Nseru ikayamba, pemphani mankhwala ake asanasanze. Mankhwala a ululu okhala ndi codeine kapena tramadol amadzimbitsa, choncho madzi, papaya ndi masamba ofewa zisasowe, ndipo mankhwala ofewetsa chimbudzi muwapemphe potuluka m'chipatala. Palinso alendo. Kwathu wodwala sitimusiya yekha, ndipo amayi a kumpingo akangomva adzabwera ndi nyimbo ndi mabasiketi. Athokozeni pakhomo, muwauze kuti abwere sabata yachiwiri. Kuseka, kulongolola ndi kutembenuzatembenuza khosi polonjera aliyense kumakoka malo osokawo. Nkhani za bajeti ya ukwati nazonso zisalowe kuchipinda kwawo.

Pa mankhwala a ululu, paracetamol ndiye bwenzi: mapiritsi awiri a 500 mg pakatha maola 6 alionse, osapitirira 8 pa maola 24, ndipo muwerengere pamodzi ndi amene ali m'mapiritsi osakaniza amene chipatala chapereka. Asipirini, ibuprofen ndi diclofenac zimachedwetsa kuundana kwa magazi; asamwe pokhapokha dokotala atanena. Chenjerani ndi za pashopu: Disprin ndi asipirini, Grand-Pa alinso ndi asipirini, Brufen ndi ibuprofen. Mapiritsi a vitamini E, a mafuta a nsomba, a ginkgo ndi mankhwala azitsamba awaulule kwa dokotala milungu iwiri opaleshoni isanachitike. Koma ngati asipirini kapena warfarin (mankhwala oletsa magazi kuundana) anawalembera ndi dokotala wa mtima, kusiya kwake agwirizane madokotala awiriwo.

Zinthu ziwiri zimene amayi ambiri amabisa. Choyamba ndi fodya, ndipo tikunena ndi wa m'mphuno yemwe, vape ndi tizigamba ta nicotine tomata pakhungu. Nicotine, mankhwala a mu fodya, amafinya timitsempha tija tatsala, khungu la kuseri kwa khutu n'kuda, kuuma, n'kufa. Asiye milungu inayi opaleshoni isanachitike ndi ina inayi itachitika, ndipo wosuta wina aliyense pakhomopo azikasutira kutali. Chachiwiri ndi mafuta oyeretsa khungu. Ambiri mwa iwo ali ndi mankhwala otchedwa steroid amene amapyapyalitsa khungu n'kuchedwetsa bala kupola. Ngati amadzola, dokotala adziwe asanagwire mpeni. Shuga ndi ma ARV anene poyera, ndipo ma ARV sasiya kumwa.

Potuluka adzakhala atakulungidwa bandeji kumutu, mwinanso ndi timapaipi totulutsa magazi kuseri kwa makutu, timene amachotsa pakatha tsiku limodzi kapena awiri. Kutupa kumafika pachimake tsiku lachitatu kapena lachinayi. Pamenepo nkhope imakhala yozungulira ngati dzungu, maso atachepa, ndipo mikwingwirima imatsikira kukhosi mpaka pachifuwa chifukwa magazi amatsata kunsi. Amayi ambiri amalira sabata imeneyi, ena n'kumati ndadzipweteka ndekha. Galasi lalikulu lichoke kuchipinda, ndipo inu muzijambula nkhope yawo ndi foni m'mawa uliwonse pamalo amodzimodzi. Zithunzizo zimathandiza dokotala pa WhatsApp, komanso zimawaonetsa eni ake kuti kutupa kukuphwa.

Azigona chagada, mutu uli pamwamba, kwa milungu iwiri. Apa ambiri amalakwitsa pounjika mapilo atatu pansi pa mutu pokha, chibwano n'kukagunda pachifuwa. Khosi likapindika choncho, khungu losokedwalo limapindikanso ndipo magazi sayenda bwino. Mapilo ayambire kumsana ndi kumapewa, thupi litsamire ngati pampando wopendekera, ndipo pakati pa chibwano ndi chifuwa pazikwana chibakera. Pachifukwa chomwecho foni ndi Baibulo azikweza pamaso powerenga. Tsiku lotsatira opaleshoni ayambe kuyenda pang'onopang'ono m'nyumba maola awiri alionse masana, kuti magazi asaundane m'miyendo. Katumba wa mwendo umodzi akatupa n'kumapweteka, kapena akayamba kubanika ndi kumva kulasa m'chifuwa, thamangirani kuchipatala.

Masaya ndi makutu zidzachita dzanzi kwa milungu kapena miyezi. Khungu ladzanzi silimva kupsa, ndiye botolo la madzi otentha, nsalu yothowera, chowumitsira tsitsi ndi kuyandikira mbaula ndi zoletsedwa. Ayezi nayenso amawotcha. Ngati dokotala walola zoziziritsa, ikhale nsalu yoviika m'madzi ozizira, mphindi 15 n'kupumira, ayezi asakhudze khungu.

Kukamwa sikudzatseguka bwino masiku oyamba. Phala, mazira ofwafwaza, nthochi, yogati, maungu, mbatata yophwanya, nsima yofewa ndi nsomba yochotsa minga ndi zokwanira. Maputi, chimanga chootcha, nzimbe ndi nyama ya pamakala zidikire milungu iwiri. Mchere muchepetse, kapenta wamchere uja ayambe wapuma, chifukwa mchere umawonjezera kutupa ndi BP yomwe. Mowa ayi. Mswachi ukhale waung'ono wa ana, ndipo zovala zikhale zomanga mabatani kutsogolo, osati zovulira kumutu.

Kutsuka bala kutsate pepala la chipatala. Nthawi zambiri ndi kupukuta mzere wa ulusi kawiri patsiku ndi thonje loviika mu saline (madzi amchere otsukira mabala) wa kufamase, kenako kupaka mafuta amene apereka. Saline akasowa, wiritsani madzi n'kuwaziziritsa. A m'thanki kapena a pachitsime osawiritsa asafike pabala. Spirit, mchere wa kukhitchini, aloe wa kudimba ndi phulusa zisayandikire. Tsitsi ambiri amaloledwa kutsuka pakatha masiku awiri kapena atatu timapaipi titachoka, ndi madzi ofunda pang'ono ndi shampu ya ana, mutu uli chowongoka, osaweramira m'beseni. Ulusi wa kutsogolo kwa khutu amachotsa pakati pa tsiku la 5 ndi la 7, wa m'tsitsi pakati pa la 10 ndi la 14. Tsiku lililonse pindani khutu pang'ono muone kuseri kwake, poti n'kumene khungu limakokedwa kwambiri. Matuza, kachigamba kakuda kolimba, mafinya, fungo, kapena thupi kutentha kufika 38, zonsezi dokotala azione tsiku lomwelo. Nkhanambo musatong'ole.

Mukaona mlomo ukupotokera mbali imodzi akamamwetulira, kapena nsidze imodzi ikukana kukwera, mudziwitseni dokotala. Kawirikawiri ndi mtsempha woyendetsa minofu ya nkhope umene wangokokeka, ndipo umadzuka wokha pakapita milungu kapena miyezi ingapo. Koma nkhope ikagwa pamodzi ndi dzanja kufooka kapena lilime kulemera, kwa munthu wa BP imeneyo ndi sitiroko mpaka achipatala atatsutsa.

Tsopano za zipsera, zimene timapepala tambiri ta opaleshoniyi timangodutsapo chifukwa sitinalembedwe poganizira khungu lakuda. Ife timatuluka keloid mosavuta, zipsera zotupa zija zimakula kupitirira bala, ndipo khutu ndi amodzi mwa malo amene zimakonda. Lero lomwe yang'anani makutu a amayi pamene anaboola ndolo, katemera wa paphewa, ndi chipsera chilichonse cha opaleshoni yakale. Ngati pali chotupa cholimba, akachionetse kwa dokotala asanalipire ndalama yoyamba, chifukwa chikhoza kusintha nkhani yonse, ngakhale kuimitsa opaleshoniyo. Pomwepo funsani ngati dokotalayo analembetsedwa ngati katswiri ku Medical and Dental Practitioners Council of Zimbabwe, ndiponso ngati angakuonetseni zipsera za odwala ake akhungu lakuda patatha chaka. Bala likatsekeka, cha m'sabata yachitatu, amayamba kupaka mafuta a silicone ofewetsa chipsera tsiku ndi tsiku kwa miyezi iwiri kapena itatu. Chipsera chikayamba kunyerenyetsa, kulimba ndi kukwera, pali jakisoni wa triamcinolone amene amabaya pachipsera pomwepo, ndipo amagwira bwino chikadali chaching'ono. Dzuwa nalo limadetsa chipsera chatsopano. Harare ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, ndipo dzuwa la Novembala ndi Disembala limaluma ngakhale kuli mitambo. Chipewa chachikulu ndi mafuta oteteza kudzuwa a SPF 30 kapena kuposa zikhale za tsiku lililonse. Chipsera chimatenga chaka, nthawi zina chaka ndi theka, kuti chikhazikike.

Ntchito zopepuka ambiri amabwerera pakatha milungu iwiri kapena itatu, mikwingwirima itazilala. Kukolopa chowerama, kuchapa, kunyamula mdzukulu kapena chidebe cha madzi, makamaka kusenza pamutu, zidikire milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi. Galimoto ayendetse akasiya mankhwala ogonetsa ndipo khosi likutembenuka bwino.

Pa sabata yachisanu, tsiku la ukwatilo, kutupa kwakukulu kudzakhala kutapita, koma masaya adzakhalabe olimba pena ndi pena, makutu adzanzi, ndipo madzulo nkhope idzafufumako akatopa. Nkhope yeniyeni imaoneka pakatha miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi. Masabata asanu ndi okwana pokhapokha ngati palibe chimene chavuta, ndipo kachigamba kamodzi ka khungu lochedwa kupola kamatha kudya mwezi wathunthu. Kukanakhala kwa ife, munthu wa BP amenenso ndi mayi wa mkwati, wothamanga ndi zokonzekera, tikanamuuza kuti asunthire opaleshoniyo ku Januwale.

Ngati tsikulo silisunthika, konzekerani motere. Dayi ndi mankhwala owongola tsitsi apake sabata imodzi kapena ziwiri opaleshoni isanachitike, chifukwa pambuyo pake adzadikira milungu isanu ndi umodzi. Zoluka zokoka m'mbali ayi: zimatanula chipsera ndi kuthothola tsitsi pamalo pamene lafooka kale. Wigi yopepuka yopanda guluu ndi zipanera m'mbali ikhoza, kapena duku lomanga momasuka, mfundo yake ili pamwamba osati kuseri kwa makutu. Ndolo zolemera zisiyidwe, popeza kunsi kwa khutu n'kosokedwa ndipo sadzamva kukang'ambika. Zodzoladzola za kumaso n'zololedwa bala likatsekeka, koma akaziyese kunyumba sabata imodzi ukwati usanafike. Pa perekaniperekani alowe m'bwalo, aponye ndalama zawo akuyenda monyadira, nyimbo imodzi kapena ziwiri, kenako akakhale pamthunzi. Inu mukhale pafupi, muziwachenjeza azakhali okumbatira mwamphamvu aja kuti agwirane chanza basi.