Mlendo ndi mame: yankho kwa mtsikana wofuna kupita ku utumwi wa m'mayiko ambiri

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina amene wangomaliza kumene maphunziro a unamwino. Achinyamata a kumpingo kwawo akukonza ulendo wa miyezi 6 wokalalikira m'mayiko angapo a kum'mawa kwa Africa, ndipo iye mtima uli komweko. Koma mayi ake akukana, akuti kumeneko n'kungoyendayenda, ndalama zomwezo bola akadayamba nazo moyo. Atamva kuti ine ndinayendapo ulendo wotere, wandifunsa mafunso awiri: kodi unali waphindu, nanga mwayi utapezekanso ndingapitenso? Wandilola kuyankha poyera, dzina lokha ndabisa.

Achemwali, zikomo pondikhulupirira ndi nkhani yanu. Inde ndingapitenso, koma osati m'mene tinayendera ife. Mundilole ndifotokoze, chifukwa yankho lenileni lili m'njiramo.

Tinanyamuka ku Lilongwe tili anthu 9, pa basi, n'kutulukira pachipata cha Mchinji kulowa ku Chipata, kenako Lusaka. Masabata oyambirira zonse zinayenda bwino. Ku Chipata munthu umalalikira Chichewa chako chomwechi, anthu n'kumavomera, ndipo ku Lusaka Chinyanja chimakufikitsa kulikonse. Zimenezi zinatinamiza, tinaganiza kuti ulendo wonse udzakhala choncho. Ku Kapiri Mposhi tinakwera sitima ya TAZARA, njanji ya makilomita 1,860 yokafika ku Dar es Salaam, imene inamangidwa ndi thandizo la China m'zaka za m'ma 1970. Titadutsa Nakonde n'kulowa Tunduma, pakamwa pathu panatsekeka. Kuyambira pamenepo chilichonse chimene tinkafuna kunena, kaya ndi uthenga kaya kupempha madzi akumwa, chinkadzera mwa munthu wina.

Tinatsikira ku Mbeya, ndipo mbusa wina wa kumudzi anatilandira pakhomo pake. Tinakhalapo masiku anayi. Masana tinkayenda khomo ndi khomo, madzulo n'kuonetsa kanema pa jenereta, anthu n'kudzaza bwalo. Tikaitana ofuna kulandira Yesu, manja ankakwera ambirimbiri, ife n'kumawerenga n'kutumiza chiwerengerocho pa WhatsApp kwa amene anatithandiza ndalama kumudzi. Zimene sindinkaziona ndi izi: ana a mbusayo ankagona kukhitchini kuti ife tigone m'nyumba, mayi a pakhomopo ankadzuka kusanache kukatunga madzi a anthu 9 owonjezera, ndipo nkhuku zinkachepa tsiku ndi tsiku. Tsiku lotsanzikana, abusa aja anatithokoza ndi mtima wonse, kenako anafunsa modekha kuti anthu onse akweza manjawa akabwera kwa iwo Lamulungu, awapatsa chiyani, popeza Mabaibulo a Chiswahili pampingopo anali owerengeka ndipo wowathandiza kuphunzitsa analibe. Palibe mwa ife anayankha. Mawa lake tinakwera basi, ndipo mpaka lero funso limenelo limandiwawa.

Akuluakulu anati mlendo ndi mame. Mame ndi abwino, amatsitsimutsa mbewu, koma dzuwa likakwera palibe amawaonanso. Munda umadalira amene amaupalira tsiku ndi tsiku. Ife tinali mame, koma m'makalata athu tinkalemba ngati ndife mvula.

Ku Zanzibar tinangokhalako masiku awiri. Tinalowa m'tchalitchi chachikulu cha Anglican chimene chinamangidwa pamalo pomwe panali msika wa akapolo, womwe unatsekedwa mu 1873. Ndinaima mmenemo ndikuganiza za anthu a kwathu amene ankawoloketsedwa nyanja kuchokera ku Nkhotakota, n'kuyendetsedwa wapansi mpaka kugombe la nyanja yamchere. Sindinalalikire aliyense tsiku limenelo, ndinangokhala chete.

Malo amene anandisintha maganizo ndi Rabai, mudzi wa kumapiri kufupi ndi Mombasa ku Kenya. Kumeneko amishonale awiri a ku Germany otumidwa ndi bungwe la Church Missionary Society, Ludwig Krapf ndi Johannes Rebmann, anayamba ntchito mu 1846. Krapf anali ataika kale m'manda mkazi wake ndi khanda lawo ku Mombasa mu 1844. Rebmann amatchuka chifukwa ndiye mzungu woyamba kuona phiri la Kilimanjaro mu 1848, koma chimene chinandigwira mtima ine si chimenecho. Munthuyu anakhala dera limenelo zaka 29. Anabwerera kwawo mu 1875 maso atatsala pang'ono kuferatu, n'kumwalira chaka chotsatira. Obatizidwa pa zaka zonsezo anali ochepa zedi, moti akanakhala wotumiza malipoti ngati athu aja, omuthandiza akanamuuza kuti abwereko.

Ndiye imvani izi, achemwali. M'zaka za m'ma 1850, Rebmann anakumana ndi munthu wina dzina lake Salimini, amene anagwidwa ukapolo kuchokera kuno kwathu n'kukathera kugombe limenelo. Rebmann anakhala naye pansi kwa nthawi yaitali, kumufunsa mawu limodzilimodzi, matanthauzo ake, ndi m'mene amawagwiritsira ntchito. Zimene analembazo zinasindikizidwa mu 1877 monga dikishonale ya chinenero chimene anachitcha Kiniassa. Chinenero chimenecho ndi chomwe ndikukulemberanichi. Rebmann sanapondeko ku Malawi, koma chifukwa chodekha n'kumvetsera kapolo mmodzi amene ena sankamuwerengera, mawu a makolo athu analembedwa. Ine ndinali nditadutsa mayiko atatu, nditalalikira kambirimbiri, koma Chiswahili changa chinali chongopatsira moni, ndipo mayina a anthu amene anandiphikira ku Mbeya ndinali nditayamba kale kuwaiwala. Ndinatuluka m'kanyumba kosungira zakale ka ku Rabai ndili ndi manyazi, komanso ndikudziwa koyamba chimene ndinayenera kuchita ndi miyezi yotsalayo.

Kuchokera pamenepo ndinayamba kufunsa kwambiri kusiyana ndi kuyankhula. Ku Uganda tinafika ku Namugongo, kumene anyamata a kunyumba ya mfumu Mwanga II, Akatolika ndi Aanglican pamodzi, anawotchedwa pa 3 June 1886 chifukwa chokana kusiya chikhulupiriro, mtsogoleri wa Akatolikawo ali Charles Lwanga. Chaka chilichonse pa tsikuli anthu amayenda wapansi masiku ambiri kupita kumeneko, ena kuchokera kumayiko oyandikana nawo. Munthu ukafika pamalo otere umazindikira kuti sunabweretse Yesu m'chikwama. Unamupeza ali kale pakati pa anthu ake, ndipo ena anamufera agogo ako asanamve n'komwe dzina lake.

Ku Rwanda ndiko kunali kovuta. Anatitengera ku Ntarama, tchalitchi chimene anthu masauzande anathawiramo mu April 1994 poganiza kuti m'nyumba ya Mulungu sangaphedwemo, koma anaphedwera momwemo. Zovala zawo zikadalipo. Dziko limeneli anthu ambiri anali obatizidwa kale pamene izi zinkachitika, ndipo ndi dziko lomwelo kumene chitsitsimutso chachikulu cha kum'mawa kwa Africa chinayakira ku Gahini m'zaka za m'ma 1930. Usiku umenewo ndinalephera kugona. Ndinkaganiza za manja aja tinkawerenga ku Mbeya. Kukweza dzanja kumatenga kamphindi, koma kuti munthu afike pokana kupha mnansi wake pamene mudzi wonse ukupha, pamafunika zaka za kuphunzitsidwa ndi kukhala pamodzi ndi okhulupirira anzake. Ntchito imeneyo mlendo wa masiku anayi sangaigwire. Akhristu a kumeneko amene tinacheza nawo, ena akupemphera benchi limodzi ndi abale a anthu amene anawaphera achibale, anandiphunzitsa za kukhululuka zimene ine sindikanatha kuwaphunzitsa.

Mwina mundiuza kuti mtumwi Paulo nayenso ankayenda mayiko ambiri. N'zoona, ndipo ifenso tinkadzilimbikitsa ndi mapu a kumapeto kwa Baibulo aja. Koma werengani bwino buku la Machitidwe. Ku Korinto anakhala chaka ndi miyezi 6, akusoka mahema ndi Akula ndi Priskila kuti asalemetse anthu. Ku Efeso anakhala zaka zitatu. Kumene wachoka ankasiya akulu a mpingo, n'kubwereranso kukawaona, n'kuwalembera makalata. Ndipo Ambuye potuma ophunzira mu Luka 10 anawauza kuti akhale m'nyumba imene yawalandira, adye zimene apatsidwa, asamangosinthasintha nyumba. Ngakhale m'mbiri yathu, William Koyi, Mxhosa wa ku Lovedale ku South Africa amene anabwera ndi mishoni ya Livingstonia mu 1876, Angoni a M'mbelwa anamukhulupirira chifukwa ankamvana nawo chinenero ndipo anakhala pakati pawo mpaka anafera ku Njuyu mu 1886.

Nanga phindu la ulendo wathu linali pati? Lalikulu linagwera ife oyendafe, ndipo ndikuona kuti palibe cholakwika kuvomereza zimenezo. Ndinabwera ndikudziwa kuti mpingo wa Khristu ndi waukulu kuposa mpingo wanga ndi nyimbo zake. Ndinadya mgonero wa Ambuye ndi anthu amene sitinkamvana liwu ndi limodzi lomwe. Ndinaphunzira kulandira, chomwe n'chovuta kwa munthu wobwera ndi mtima wodzapereka. Pali mipingo iwiri kapena itatu imene ndikukhulupirira kuti tinailimbikitsadi, ndipo ndi ija tinakhalako nthawi yotalikirapo, n'kugwira ntchito imene eni ake anatipempha, osati imene tinabwera titakonza kale. Mbusa wa ku Mbeya uja ndinadzamulembera nditabwerera, ndipo ife ochepa tinasonkha ndalama zogulira Mabaibulo. Zinali zochedwa, koma ubale wathu ulipobe.

Tsono musanapereke ndalama yanu, khalani pansi ndi atsogoleri a ulendowu. Afunseni kuti wakuitanani ndani m'dziko lililonse, ndipo iyeyo wapempha kuti mukachite chiyani. Afunseni kuti chakudya ndi malo ogona alipira ndani, chifukwa ngati yankho lili loti abale akumeneko adzaona chochita, dziwani kuti pali mayi wina amene adzagone ndi njala kuti inu mukhute. Afunseninso kuti anthu otembenuka mtima adzasiyidwa m'manja mwa yani. Ngati ndandanda ikuonetsa malo atsopano masiku atatu alionse, limbani mtima muwapemphe achepetse malo, achulukitse masiku. Miyezi 6 m'malo atatu idzakupatsani anzanu, chinenero, ndi ntchito yooneka. Yambani Chiswahili lero lomwe. N'chachibale ndi Chichewa, mawu ngati mbuzi, nyama, nyumba ndi mvua simudzavutika nawo.

Za unamwino wanu ndinene mosabisa. Anthu akadzamva kuti ndinu namwino adzakubweretserani odwala, ndipo mtima udzafuna kuthandiza. Koma chilolezo chanu cha kuno sichikupatsani ufulu wogwira ntchitoyi m'dziko la eni. Dziko lililonse lili ndi bungwe lake lolembetsa anamwino. Osanyamula chikwama cha mankhwala n'kumagawa pabwalo la msonkhano. Ngati mukufuna kuti luso lanu ligwire ntchito, atsogoleri alumikizane ndi chipatala cha mishoni nthawi ikadalipo, mukakhale pansi pa oyang'anira a kumeneko. Konzaninso pasipoti msanga, kabayitseni katemera wa yellow fever ndipo kadi yake yachikasu muziyenda nayo. Neti yanuyanu musaisiye.

Mayi anu musawatenge ngati otsekereza ntchito ya Mulungu. Anakulipirirani sukulu, ndipo akuopa kuti anzanu akamalowa ntchito inu mudzakhala muli m'basi. Mantha amenewo ndi achikondi. Apatseni ndondomeko yonse: mupita kuti, mukhala kwa yani, mubwera liti, ndalama zichokera kuti, ndipo mukabwera mudzayambira pati. Pitani nawo kwa abusa kapena kwa amalume anu mukakambirane pamodzi. Ine ndinanyamuka bambo anga asanakhutire, ndipo zinandilemera njira yonse. Ndikanadikira mwezi umodzi wokha tikanamvana.

Mukakumana ndi atsogoleri aja, nditumizireni ndandanda ya malo ndi masiku amene akonza. Ndidzaiona, ndipo ngati Mombasa ilipo, ndidzakupemphani kuti mupatule tsiku limodzi lokwera ku Rabai.