Galu wofatsa akayamba kudzuma, kodi wafunika dokotala kapena mphunzitsi?

Mayi ena amene amawerenga zolemba zanga anditumizira imelo yofunsa za galu wawo wa zaka 9, yemwe wakhala wofatsa chibadwire koma tsopano akudzuma ndi kuonetsa mano munthu akamugwira cha m'chiuno. Akuti dokotala wa ziweto anatha nthawi yaitali akuwafunsa za kagonedwe, kadzukidwe ndi kadyedwe ka galuyo asanamukhudze n'komwe, ndipo akufuna kudziwa ngati mafunso otere alidi mbali ya udokotala, kapena zikanakhala bwino akanangopita kwa munthu wophunzitsa agalu.

Mayi, dokotalayo anayambira poyenera. Munthu akadwala amanena yekha pamene pakumupweteka ndi tsiku limene zinayamba, koma chiweto sichingatero, choncho mbiri ya matenda ake imaoneka m'khalidwe lake, ndipo amene amaiona tsiku ndi tsiku ndinu. Galu wokalamba akasintha chonchi, choyamba kuchikayikira ndi ululu, makamaka nyamakazi ya m'chiuno kapena ya msana, ngakhale kuti dzino lobowoka ndi khutu lotupa nazonso zimakwiyitsa galu. N'chifukwa chake dokotala amafunsa ngati akuchedwa kudzuka, ngati wasiya kudumpha kapena ngati akusinthasintha malo ogona usiku. Galu wosabayitsa katemera amene analumidwa ndi nyama yosadziwika, kenako n'kusintha khalidwe mwadzidzidzi, ndi nkhani ina: ameneyo amukayikire chiwewe ndipo asagwiridwe.

Ine sindingakulimbikitseni kuyambira kwa mphunzitsi, makamaka wokhulupirira chilango. Galu asanadzume amakhala atayasamula, atanyambita mphuno ndiponso atayang'ana kumbali, zonsezo pofuna kuti mumusiye. Mukamumenya chifukwa chodzuma ululu uja sutha, chimene chimatha ndi chenjezo, ndipo tsiku lina adzaluma osachenjeza.

Mu 1988 Benjamin Hart wa ku yunivesite ya California ku Davis anafotokoza kuti nyama yodwala ikamagona kwambiri, kukana chakudya ndi kusiya kudzisamalira, sikuti yangofooka basi, koma thupi likusunga mphamvu zoti litenthe ndi kulimbana ndi tizilombo toyambitsa matenda. Oweta ng'ombe amadziwa zofanana ndi zimenezi, pakuti ng'ombe yosiya kubzikula kapena yodzipatula kwa zinzake nthawi zambiri imakhala ikudwala zizindikiro zina zisanaoneke.

Mphaka ndiye wovuta koposa, chifukwa amabisa ululu. Mu 2019 ofufuza a ku yunivesite ya Montréal anatulutsa njira yoyezera ululu wa mphaka poyang'ana nkhope yokha: makutu, maso, pakamwa, ndevu ndi mmene wagwirira mutu. Chilichonse mwa zisanuzi chimapatsidwa 0, 1 kapena 2, ndipo zikakwana 4 pa 10 dokotala amaganiza zopereka mankhwala oletsa ululu. Mphaka amene wayamba kukodza paliponse anthu amamutenga ngati wamwano, pamene kawirikawiri chikhodzodzo chimakhala chatupa, ndipo wamphongo amene akukanika kukodza angafe m'masiku ochepa ngati njira ya mkodzo yatsekeka.

Mbali ina imene eni ziweto saiganizira ndi yakuti mantha amasokoneza zoyeza. Chiweto chochita mantha mtima umathamanga, kuthamanga kwa magazi kumakwera, ndipo kwa mphaka shuga wa m'magazi angakwere mpaka kuoneka ngati ali ndi matenda a shuga pamene alibe. Galu amene amatsimphina kunyumba angayende bwinobwino pamaso pa dokotala, kenaka n'kuumitsa thupi lonse moti pamene pakupweteka sipadziwikanso. Dokotala akamachedwa kumugwira, n'kumulola anunkhize m'chipindamo kapena kumuyezera pansi m'malo mwa patebulo, sakutaya nthawi, koma akufuna kuyeza galu weniweniyo. Temple Grandin, katswiri wa khalidwe la ziweto wa ku yunivesite ya Colorado State ku America, anaonetsa zofanana pa ng'ombe: zimayenda mwakachetechete m'mpita wokhota wa makoma otseka, zimadodoma zikaona mthunzi kapena chinthu cholendewera, ndipo zimapita kutsogolo munthu akaima kumbuyo kwa phewa la ng'ombeyo. Wodziwa zimenezi amabaya katemera popanda kuvulala iye kapena ng'ombeyo.

Tsono pobwerera kwa dokotala, mujambule galuyo pafoni akudzuka m'mawa, akuyenda ndiponso akukhala pansi, koma musamupute dala kuti adzume n'cholinga chomujambula. Mulembenso nthawi zimene amadzuma ndi chimene chimakhala chachitika. Mwina dokotalayo adzamujambula mafupa, kapena adzamupatsa mankhwala oletsa ululu kwa masabata angapo kuti aone ngati ukaliwo uchepa, pakuti ukachepa ndiye kuti gwero lake lapezeka. Musamupatse nokha mankhwala a anthu, chifukwa ibuprofen imawononga m'mimba ndi impso za galu, ndipo paracetamol imapha mphaka. Ululu ukatha koma iye akuopabe dzanja, popeza anazolowera kuti kugwidwa kumawawa, pamenepo m'pamene katswiri wa khalidwe la ziweto angathandize, pomuzoloweretsanso kukhudzidwa pang'onopang'ono uku akumupatsa chimene amakonda. Pakadali pano ana asamugwire m'chiuno ndiponso asamudzutse akagona.