Kwa adzukulu anga a ku Britain ofuna kutenga unzika

Adzukulu anga okhala ku Britain, mafunso amene mwanditumizira mwezi uno akuzungulira nkhani imodzi, yotenga unzika wa dziko limenelo. Mtsikana wina, namwino wa ku Leeds, walemba kuti zaka zofunika wakwanitsa koma mtima ukumukana. Akuti kuimirira pagulu n'kulumbira kuti adzakhala wokhulupirika kwa Mfumu Charles kukumveka ngati kugulitsa makolo ake, iye amene anaphunzira za John Chilembwe ali ku pulayimale. Mnyamata wina wa ku Glasgow akufunsa ngati angasiye osalemba pa fomu mlandu umene anapezeka nawo kalekale, woyendetsa galimoto yopanda inshuwalansi, poti chindapusa analipira ndipo nkhaniyo inatha. Ndiyamba ndi mnyamatayu, chifukwa funso lake ndi limene landisowetsa tulo.

Mwana wanga, lemba mlanduwo. Lamulo la unzika la Britain, British Nationality Act la chaka cha 1981, limafuna kuti wopempha unzika akhale munthu wa khalidwe labwino, ndipo a Home Office, unduna umene umaona za unzika ndi zolowa ndi kutuluka, sangokhulupirira mawu ako. Amafufuza ku polisi, amaona ngati misonkho ukulipira, amaonanso mbiri yako yonse yolowera ndi kukhala m'dzikomo. Pa nkhani ya unzika, ngakhale mlandu umene malamulo awo amati unafufutika umayenera kutchulidwa. Chindapusa chimodzi chakale pa nkhani ya pamsewu kawirikawiri sichimutsekera munthu khomo mpaka kalekale. Chimene chimatseka khomo ndi kubisa. Akazindikira kuti unabisa dala, amakukaniza, ndalama zako zimapita, ndipo malangizo awo amati munthu wonama akanizidwenso akabwerera zaka 10 zisanathe. Akakupatsa osadziwa, usaganize kuti wapulumuka. Gawo 40 la lamulo lomwelo limapatsa boma mphamvu yolanda unzika umene munthu anaupeza mwachinyengo kapena mobisa mfundo yofunika, ngakhale patapita zaka zambiri, uli ndi nyumba ndi ana akuluakulu. Ine sindikufuna kuti udzakhale nkhalamba yonjenjemera nthawi iliyonse kalata ya boma ikagwa pakhomo.

Pamenepa ndionjezerepo nkhani imene ambiri a ife timaidziwa koma sitiinena mokweza. Alipo anthu athu amene mapepala awo sagwirizana: pa satifiketi ya sukulu chaka chobadwa ndi china, pa pasipoti ndi china, dzina la bambo apa, la amalume apo. Nthawi zambiri si chinyengo, ndi mmene zinkakhalira kumudzi, mphunzitsi ankangoyang'ana msinkhu wa mwana n'kulemba chaka. Koma wowerenga fomu yako sadziwa zimenezo. Ngati mapepala ako ali otero, kaonane ndi loya kapena mlangizi wovomerezeka ndi bungwe la Immigration Advice Authority usanatumize chilichonse, ufotokoze kusiyanako wekha iwo asanakufunse. Usapite kwa m'bale wa kutchalitchi amene amati amadziwa njira zachidule. Kupereka uphungu wa zolowa ndi kutuluka popanda chilolezo ndi mlandu ku Britain, ndipo zikavuta iyeyo sadzakhalapo. Safunsa anadya phula, inde, koma funsa kwa woyenera.

Tsopano nkhani ya masiku, imene imakhudza mwambo wathu pamtima penipeni. Wopempha unzika amayenera kukhala atakhala m'dzikomo zaka 5, komanso atagwira chilolezo chokhazikika, chokhala mpaka kalekale, chija amati Indefinite Leave to Remain, kwa miyezi 12. Pa zaka 5 zimenezo asakhale kunja masiku oposa 450, ndipo m'miyezi 12 yomaliza asapitirire masiku 90. Wokwatira kapena wokwatiwa ndi nzika ya Britain amawerengeredwa zaka 3 ndi masiku 270, ndipo sadikira miyezi 12 ija. Pali kamfundo kena kamene kamagwetsa anthu ambiri: tsiku limene a Home Office alandira fomu yako, amabwerera m'mbuyo zaka 5 zenizeni, ndipo tsiku limenelo uyenera kuti unali pa nthaka ya Britain. Ngati unali ku Ntcheu kuchinkhoswe cha mchemwali wako, dikira masabata angapo, usankhe tsiku lina lotumizira.

Ndikudziwa chimene masiku awa amatanthauza kwa ife. Kwathu maliro sakhala a tsiku limodzi. Pali kugona pa siwa, kuika, kumeta, kukambirana za ana amasiye ndi katundu, kenako chaka chikatha pali chiliza. Mayi akadwala, mwana wamkazi amayembekezeredwa kukhala pambali pa mphasa mpaka achire kapena atsikire kulichete. Ndiye wina adzakuuza kuti usapite kumaliro a abambo ako poopa kuononga masiku. Ameneyo usamumvere. Masiku 450 pa zaka 5 ndi ambiri, ndipo munthu wowerenga bwino amakwanitsa zonse ziwiri. Pita ukaike bambo ako. Chimene ndikukupempha ndi choti uzilemba m'kabuku tsiku lonyamuka ndi tsiku lobwerera pa ulendo uliwonse, usunge matikiti ndi mapasipoti akale, usungenso kalata ya kuchipatala kapena satifiketi ya imfa. A Home Office ali ndi mphamvu yokhululukira masiku opitirira pakakhala chifukwa chomveka, koma imeneyo ndi mphamvu yawo, si ufulu wako, ndipo amafuna umboni. Chaka chomaliza chija, cha masiku 90, ndiye chofunika kukambirana ndi abale pasadakhale. Uwauze amalume ako poyera kuti chaka chino pa zinthu zosangalatsa sudzapezekapo, masiku ukusungira zadzidzidzi. Munthu wamkulu akauzidwa mwaulemu amamva.

Za kusunga mapepala musazitenge mopepuka. Mu 2018 kunaphulika nkhani ya Windrush, pamene zinadziwika kuti anthu ochokera ku Caribbean amene anafika ali ana, nakhala m'dzikomo zaka 40 kapena 50 movomerezeka, anachotsedwa ntchito, kumanidwa chithandizo cha kuchipatala, ena mpaka kuthamangitsidwa, chifukwa analibe mapepala osonyeza ufulu umene anali nawo. Nduna ya Home Office, Amber Rudd, inatula pansi udindo mu Epulo chaka chomwecho. Anthu amenewo sanalakwe kanthu, anangokhulupirira kuti poti aliyense akuwadziwa, palibe angawafunse.

Fomu imafunanso anthu awiri okuchitira umboni. Kwathu pa ukwati ankhoswe amachokera m'banja, chifukwa ndi amene amakudziwa kuyambira uli wakhanda, koma kumeneko n'zosiyana: m'bale wako saloledwa. Ayenera kukhala anthu amene akudziwa kwa zaka zosachepera 3, mmodzi wa ntchito yodziwika monga mphunzitsi, namwino kapena m'busa, winayo wokhala ndi pasipoti ya Britain, wa zaka 25 kapena kuposa. Apa m'pamene mumaona ubwino wokhala bwino ndi anthu. Mwana amene wakhala zaka 6 mu mzinda osadziwana ndi woyandikana naye nyumba, osapereka moni kuntchito, amavutika kupeza anthu awiri okha. Ndipo amene wavomera kukusainira, um'thokoze moyenera, chifukwa waika dzina lake pa khalidwe lako.

Mayeso sindikhalitsapo. Pali aja a Life in the UK, ofunsa za mbiri ndi moyo wa ku Britain, mafunso 24 m'mphindi 45, ofunika kukhoza 18, ndipo amalipiritsa mapaundi 50. Pali umboni wa Chingerezi pa mlingo wapakati umene amati B1, kapena digiri yophunzitsidwa m'Chingerezi. Musakwiye kuti akukuyesani chinenero chimene munachiphunzira kuyambira sitandade 1. Malawi sali pa mndandanda wawo wa mayiko okhululukidwa, basi. Ambiri a inu munalemba kale mayesowa popempha chilolezo chokhazikika, ndipo a Life in the UK sabwerezedwa. A zaka 65 kupita m'tsogolo salemba. Ndalama ya fomu ndi yochuluka, inapitirira kale mapaundi 1,500 ndipo imakwera pafupipafupi, choncho muone mtengo wake pa tsamba la boma la GOV.UK tsiku lotumiza. Mukachita chipereganyu kuti mupeze ndalamayi, chitani, ndi njira yabwino. Katapila yekha ndiye ayi.

Ndibwere kwa iwe namwino wanga wa ku Leeds. Funso lako ndalilemekeza, chifukwa mwana amene amaopa lumbiro ndi mwana woleredwa bwino. Chilembwe anaukira mu Januwale 1915 chifukwa cha thangata m'minda ya azungu, ndiponso chifukwa anyamata athu ankatengedwa kukafera nkhondo imene sinali yawo. Masiku amenewo ife a ku Nyasaland tinkalamulidwa ndi Britain koma sitinali nzika zake. Tinali anthu a dziko lotetezedwa, okhoma msonkho wa nyumba, opanda mawu pa malamulo otilamulira. Chimene Chilembwe anakana ndi kugwiritsidwa ntchito popanda ulemu ndi popanda mawu. Iwe wagwira ntchito usiku m'zipatala zawo, wakhoma misonkho yawo, ndipo tsopano ukupempha kuti ukhale ndi ufulu wofanana ndi wa wodwala amene ukumusambitsa. Ine sindikuona kuti pamenepo wamupereka. Iye mwini anakaphunzira ku Virginia, ku America, n'kubwera ndi maphunzirowo kwawo. Kamuzu anachiza anthu ku Liverpool ndi ku London zaka zambiri asanabwerere mu 1958.

Lumbirolo ndi lenileni, usalitenge ngati sewero. Mwambo umachitikira ku khonsolo ya dera lako, ndipo uyenera kupezekako pasanathe miyezi 3 chilandirireni kalata yokuitana. Umalonjeza kukhulupirika kwa mfumu, kenako umalonjezanso kulemekeza ufulu wa anthu, kusunga demokalase ndi kumvera malamulo a dzikolo. Ngati mpingo wako suloleza kulumbira pa dzina la Mulungu, pali mawu ena otsimikiza osatchula Mulungu, ndipo mphamvu yake ndi yomweyo. Muli mawu oti ukhale wokhulupirika, koma mulibe mawu oti ukane Malawi. Britain imalola unzika wapawiri. Kwathu kale lamulo la 1966 linkakaniza munthu wamkulu kukhala nzika ya mayiko awiri, ndipo ambiri a m'badwo wa makolo ako anataya unzika wa Malawi misozi ili m'maso. Nyumba ya Malamulo inasintha lamulolo mu Disembala 2018. Kwa adzukulu anga a ku Chipata ndi Katete, Zambia inalola zimenezi mu 2016.

Ndipo tamvera chimene chikundichititsa kukuuza kuti pita ukalumbire. Chilolezo chokhazikika chimene uli nacho lero chimafa ukakhala kunja kwa Britain zaka 2 zotsatizana. Tsiku lina mayi ako adzakalamba, ndipo udzafuna kukakhala nawo ku Mulanje osawerenga masiku pa zala. Ndi chilolezo chokha, udzakhala ukusankha pakati pa mayi ako ndi ana ako amene ali pasukulu ku Leeds. Unzika sufa chifukwa chokhalitsa kumudzi. Ukhoza kupita zaka 4, kudwazika mayi ako mpaka kumapeto, n'kubwerera. Pepala limene ukuliopa kuti likudula kwanu ndi lomwe lidzakumasule kuti ukachite za mwambo mtima uli m'malo. Komanso malamulo a kumeneko sakhazikika. Mu Febuluwale 2025 anakhwimitsa malangizo a khalidwe labwino kwa amene analowa m'dzikomo mozemba, ndipo mu Meyi chaka chomwecho boma linalengeza maganizo otalikitsa nthawi yodikira chilolezo chokhazikika kufika zaka 10. Wakwanitsa zofunika lero, usazengereze.

Usanatumize fomu, uwaimbire makolo ako ndi amalume ako, uwafotokozere m'Chichewa chomveka kuti sukusiya mtundu. Asamve kwa anthu ena kapena kuona chithunzi pa Facebook uli ndi satifiketi m'manja. Nkhani yaikulu ngati iyi imayamba yafika kwa akulu. Kenako ufunse ku ofesi ya kazembe wa Malawi ku London zoyenera kuchita kuti unzika wako wa Malawi ukhalebe m'kaundula, ndipo pasipoti ya Malawi usaisiye kuti ithe ntchito. Udziwenso kuti ukakhala ku Malawi boma la kwathu limakuona ngati Mmalawi, ndipo a Britain sangakulowerere ngati mmene angachitire ukakhala ku dziko lachitatu.

Za ana, ambiri mumalakwitsa poganiza kuti mwana wobadwira ku Britain ndi nzika basi. Kuyambira pa 1 Januwale 1983 sizili choncho. Mwana amabadwa nzika pokhapokha ngati mmodzi wa makolo anali nzika kapena anali ndi chilolezo chokhazikika pa tsiku lobadwalo. Wobadwa inu musanakhazikike amafunika kumulembetsa payekha, ndi fomu yake ndi ndalama zake, ndipo wobadwira kumeneko n'kukhala zaka 10 zoyambirira za moyo wake m'dzikomo ali ndi ufulu wolembetsedwa ngakhale makolo alibe mapepala. Tsegulani chikwama cha mapepala sabata ino, muone mwana aliyense payekhapayekha kuti anabadwa liti ndipo inu munali ndi chilolezo chanji tsiku limenelo.